Funsani Malume: Ndodo yayitali ndili nayo koma akungondidutsa

FUNSO: Malume moni. Ine ndi mnyamata wa zaka 15, ndili Fomu 2 kuno ku Kasungu cha ku Santhe. Pasukulu pathu aphunzitsi ena amene anakakhalako kunja anabweretsa ndodo za masewero a lacrosse, ndodo zokhala ndi kaneti kumutu kogwirira ndi kuponyera kampira, nde takhala tikusewera kuyambira teremu yatha. Ine poti ndine wamtali anandiika kumbuyo nkundipatsa ndodo yayitali ija, koma vuto ndi loti anzanga akungondidutsa tsiku ndi tsiku makamaka kamnyamata kena kakafupi ka Fomu 1, ndikati ndimenye ndodo yake kuti mpira ugwe ndimapezeka ndamenya mphepo iko kadutsa kalekale, pena ndimakamenya pamkono aphunzitsi nkunditulutsa. Anzanga ayamba kunditchula kuti geti. Ndipange bwanji kuti ndizilanda mpira?
Mnyamata wa ku Santhe

YANKHO: Mphwanga, vuto lako ndaliona pa mzere womalizawo, pomwe ukufunsa kuti uzilanda bwanji mpira. Ndodo yayitaliyo yakunamiza. Aliyense akaigwira koyamba amaona ngati wapatsidwa chilolezo chomenya, nde maso onse amapita pa kaneti ka mnzake momwe muli mpiramo, thupi nkumatsatira ndodo, ndipo kamnyamata ka Fomu 1 kaja kanazindikira kale zimenezi, kakungodikira kuti utambasuke basi iko kadutse. Aphunzitsi ako anakuika kumbuyo kuti munthu wakoyo asafike pamalo abwino oponyera kugolo, ntchito yako ndi imeneyo. Akasunga mpira masekondi 20 nkulephera kulowa mkati, kenako nkupatsira mnzake chobwerera m'mbuyo, iweyo wawina pamenepo olo mpirawo sunaukhudze nkomwe.

Nde tiyambe ndi miyendo. Anthu ataliatali mumakonda kuima njo, mawondo owongoka, ndipo munthu woima choncho kuti anyamuke amayenera ayambe wapinda kaye mawondowo, pomwe azimaliza kupinda mnzake uja wapita. Pindiratu mawondo, matako atsike, chifuwa chikhale chodzuka, mapazi atalikirane kupitirira pang'ono mapewa ako, ndipo thupi lilemerere kutsogolo kwa phazi cha kuzala osati pachidendene. Mabwalo athu a ku Kasungu kuno nthawi yachilimwe ndi fumbi lokhalokha nde ungathe kudziyesa wekha popanda kochi: ukamaliza kumaka munthu tayang'ana pansi pomwe umapondapo. Ukaona zidendene zadinda mozama, kapena mizere iwiri yosonyeza kuti unachita kutsetsereka poima, dziwa kuti unafika ndi liwiro lopitirira muyeso ndipo thupi linali litatsamira kumbuyo. Difenda amene wasewera bwino amasiya timapazi tambirimbiri toyandikana, tosadinda kwambiri.

Munthu wako akamayenda pang'onopang'ono kukuyesa, iwe uziyenda chammbali, phazi lina kukankha linzake osapingasitsa miyendo, chifukwa mwendo ukangodutsa pamwamba pa unzake iye nkutembenuka nthawi yomweyo, ugwa kapena utsala. Koma akaponda moto osalimbana nazo zoyenda chammbalizo, sungamupeze, tembenuza chiuno uthamange naye limodzi chiuno chako chili pa chiuno chake, iwe uli mbali ya kugolo.

Maso ako akhale pamchombo pake. Ndodo yake imanama, mutu umanama, maso ndi mapewa nde onama kwambiri, ndi zomwe amadyetsera anthu njomba zimenezo. Koma palibe munthu amene angapite kumanzere mchombo wake nkupita kumanja.

Tsopano kafikidwe, ndipo apa ndi pomwe ana ambiri amathera. Mpira ukaponyedwa kwa munthu wako nyamuka uli m'malere mpirawo, osadikira kuti augwire kaye. Thamanga mwamphamvu poyambapo koma patatsala mamita 2 kapena 3 dula liwiro, yamba timasitepe tating'onoting'ono kwinaku ukutsika, ndodo ili kutsogolo kwako yaloza pa magolovesi ake. Ukafika chothamanga mpaka kumukhudza, kanjomba kamodzi kokha wakusiya chifukwa thupi lako likupitabe kutsogolo iye akupita kumbuyo kwako. Ndipo usafike mowongoka maso ndi maso ngati mukufuna kupatsana moni, pamenepo wamupatsa njira ziwiri kuti asankhe yekha. Fika mopendekera mbali imodzi, utseke njira yolowera pakati pa bwalo nkumusiyira ya kumzere wakumbali. Zili ngati mbuzi yolowa m'dimba, suyamba ndi kuikwapula, umaima kumene sukufuna kuti ipite nkuisiyira mpata wotulukira. Golo ya lacrosse ndi yaying'ono, mamita 1.83 mulitali ndi mulifupi momwe, nde munthu akamatsetserekera kumbali golo ija imamuchepera, goloboyi amatseka kampata kotsalako mosavuta. Pakati mpomwe pamachokera zigoli zambiri. Komanso tamuonetsetsa kamnyamata kako kaja, ndili ndi chikhulupiriro kuti kamaponya ndi mkono wamanja wokha ngati ana ambiri ongoyamba kumene, ukakaumiriza kupita kumanzere kwake uona kakuyamba kudodoma, kapena kubwerera.

Pokhapo ndi pomwe tingakambe za ndodo. Ubwino wa ndodo yayitali ndi woti umayamba kumusowetsa mtendere munthu akadali patali. Kamenyedwe koyamba kuphunzira, ndipo kwa chaka chonse chino kangakukwanire, ndi kojoba: dzanja lako lam'munsi likankhe ndodo kutsogolo kudutsa m'dzanja lam'mwamba, mutu wa ndodo ukagunde golovesi yake yam'munsi, ija yagwira kumapeto kwa ndodo yake, kenako bweza msanga. Mapazi asaime pamene ukujobapo, ndipo thupi lisatsatire ndodo, mikono yokha ndi imene ikupita. Dzanja lam'munsilo ndi limene limawongolera pasi ndi shoti, ukamalisokoneza pafupipafupi mipira yake iyamba kupita pena pake posayenera. Kachiwiri ndi konyamula, ukaona wakweza mikono akufuna kuponya lowetsa mutu wa ndodo yako pansi pa golovesi yam'munsi yomweyo kapena pansi pa chigongono nkukweza m'mwamba, shoti imeneyo ipita kumitambo. Zija zozungulitsa ndodo pamwamba pa mutu wa munthu, kapena kuikoka kumbuyo nkuibweretsa ndi mphamvu zonse, zisiye. Umaziona pa YouTube akuchita akuluakulu inde, koma amene aja asewera zaka 15 ndipo nawonso akaphonya amadutsidwa.

Aphunzitsi ako sakukulakwira pokutulutsa. Kumenya mosasamala, kumenya mutu, khosi, msana kapena miyendo, kupinga munthu, kapena kumukankha ndi chigawo cha ndodo chimene chili pakati pa manja ako awiri utawatalikitsa, zonsezi ndi mafaulo akuluakulu ndipo chilango chake ndi kukhala panja mphindi 1 mpaka 3 malinga ndi kukula kwake. Timafaulo ting'onoting'ono ngati kugwira munthu kapena kumukankha kumbuyo ndi masekondi 30 panja, kapena mpira umangoperekedwa kwa anzanuwo. Nthawi yonse imene iwe uli panjayo anzako akutchinga ali operewera, nde taganiza, wafuna kulanda mpira umodzi koma wapereka mphindi yathunthu kwa adani. Munthu akafika pafupi mpaka kugundana nawe, phatikiza manja ako awiri pamodzi pandodo nkumukankha ndi magolovesi pachiuno kapena m'mbali mwake, mphamvu ichokere m'miyendo, mokankha osati momenya.

Yesanso kutalika kwa ndodoyo. Malamulo a akuluakulu amalola ndodo ya difenda kuyambira mamita 1.32 mpaka 1.83, pomwe za osewera kutsogolo zimangopitirira mita imodzi pang'ono. Ukaiimika pansi nkupeza kuti yakupitirira mutu, yakukulira, ikuchedwetsa manja ako, kambirana ndi aphunzitsi ngati pali ina yofupikirapo.

Zoti uzichita ku pulakatisi ndi izi. Siya ndodo pansi, manja kumbuyo, jambulani kanjira ka mamita 5 mulifupi ndi 15 mulitali, umuitane kamnyamata komweko kuti kayese kukudutsa iwe uzikatchinga ndi mapazi okha. Masiku oyamba kakudutsa ndipo anzako aseka, pitiriza. Ukayamba kukaimitsa opanda ndodo, tenga ndodo yayifupi, yayitali ija ubwerere nayo pamapeto. Onjezera kulumpha chingwe mphindi 5 mmawa uliwonse. Ndipo peza khoma lopanda mawindo uziponyapo mpira nkumawakha, maulendo 50 kumanja 50 kumanzere, chifukwa difenda amene akalanda mpira nkuuponyeranso adani wangodzivutitsa.

Ndipo nayi njira yeniyeni yopezera mipira imene ukuilakalakayo: yapansi. Mumasewero a ana ongoyamba mpira umakhala pansi nthawi yochuluka kwambiri, timu imene ikutola yambiri ndi imene imawina. Pabwalo la zibuma ndi ziputu za udzu mpira umadumphadumpha nde usayese kuutola ndi dzanja limodzi utaimirira. Phazi liponde pambali pa mpirawo, thupi lako likhale pakati pa mpira ndi mdani, manja onse awiri atsike, makamaka lam'mbuyolo lifike cha m'bondo kuti ndodo igone, wola chothamanga osaima, bweretsa ndodo pafupi ndi nkhope nkuthamangira kumbali komwe kulibe anthu. Pasi yoyamba ipite kumbali kapena kwa goloboyi. Kudutsitsa mpira kutsogolo kwa golo yako ayi.

FUNSO: Malume, ine ndi kaputeni komanso goloboyi wa timu ya anyamata kuno cha ku Chamama. Tilipo 13 okha. Chimene chikundipweteka mutu ndi choti mdani akapita ndi mpira kuseri kwa golo madifenda anga onse amatembenuka kumuyang'ana, kenako mpira umabwera kwa munthu amene waima yekha kutsogolo kwanga nkundichinya. Komanso mmodzi akadutsidwa ena onse amangoonerera, pena amathamangirako atatu nthawi imodzi. Ndikawakalipira amakwiya. Ndiwathandize bwanji?
Goloboyi wa ku Chamama

YANKHO: Mphwanga, anyamata akowo anakulira mpira wamiyendo, kumene kuseri kwa golo kumaima ochemerera ndi ogulitsa nzimbe. Mu lacrosse kuseriko ndi bwalo ndithu, mamita opitirira 10, ndipo matimu odziwa amayambira komweko kuukira. Nde si kupusa, sanazolowere basi. Koma iwe ukuwalankhula mochedwa, chigoli chitalowa kale. Pakamwa pa goloboyi pamagwira ntchito mpira usanaponyedwe, chifukwa ndiwe wekha amene ukuona bwalo lonse. Uziwauza komwe kuli mpira nthawi zonse mokweza, kumbuyo kumanja, kumbuyo pakati, kutsogolo kumanzere, kuti iwo asachite kufunika kutembenuka thupi lonse.

Difenda amene munthu wake alibe mpira aime poti angathe kuona zonse ziwiri, munthu wake ndi mpira, mutu uzingotembenuka uku ndi uku, ndodo ili m'mwamba munjira imene pasi ingadutse. Mpira ukakhala kutali ndi munthu wake asamukakamire kumzere uko, alowe mkati cha kutsogolo kwa golo, mpira ukamayandikira ndi pomwe azituluka kukamupeza. Mpira ukapita kuseri, amene akumaka munthu wa kutsogolo kwa golo asamuchotse maso, amugwire ndithu pafupi ndodo pa ndodo, ndipo iwe ukaona pasi yanyamuka kulowa mkati kuwa kuti "Menya!" kuti aliyense agunde ndodo ya munthu wake mpira usanakhazikike m'kaneti.

Amene akumaka wa kuseriyo asamuthamangitse mozungulira golo, atopa chabe. Taganizira mzere wa golo utapitirira mpaka m'mbali zonse za bwalo. Munthu ali kuseri kwa mzere umenewo sangachinye, nde difenda amudikire pamenepo, afike pamzerewo iye asanafike, amutsekere njira yokwerera kutsogolo nkumubweza kuseri komwe wachokera. Muwakumbutsenso kuti mkombero wozungulira golo uja, wa mamita pafupifupi 3 kuchokera pakati pa golo, woukira saloledwa kupondamo.

Za kukavana, vuto lanu ndi loti simunagwirizane kuti apite ndani. Mpira usanayambe kuyenda pakhale mmodzi amene wanena mokweza kuti "Ndine woyamba!", kawirikawiri amene ali kutsogolo kwa golo kapena woyandikana ndi mpira, ndi wina woti "Ndine wachiwiri!". Mnzanu akadutsidwa iwe goloboyi kuwa "Pita!", woyambayo apite ndi mtima wonse, alunjike thupi la munthuyo osati ndodo yake, wachiwiri atsekere munthu amene wasiyidwa, ndipo wodutsidwa uja asaime nkumadandaula, athamangire mkati kutsogolo kwa golo kaye kenako ayang'ane amene watsala yekha. Wopita mokayika ndi woopsa kuposa amene sanapite nkomwe, chifukwa wasiya munthu wake koma wa mpirayo sanamufikenso. Yeserani anayi kwa atatu, madifenda akhale operewera dala, ndipo ikani lamulo loti madifenda akakhala chete masekondi 5 chigoli chaperekedwa kwa oukira. Sabata imodzi yokha muona kusintha.

Poti mulipo 13, lacrosse ya anthu 10 mbali iliyonse simungaikwanitse bwinobwino, sewerani ya anthu 6 yotchedwa Sixes. Bwalo lake ndi mamita 70 kwa 36, zigawo 4 za mphindi 8, timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 30 oti iponye kugolo, ndipo ndodo zazitali kulibe, aliyense amaukira aliyense amatchinga. Kumeneko masekondi 30 aja ndi mnzanu, mukangotseka pakati nkuwasunga panja mpira ubwera wokha. Dziwaninso kusiyana uku: mumasewero a anthu 10 shoti ikaphonya nkutuluka, mpira umapatsidwa kwa timu ya wosewera amene anali pafupi nawo pomwe umatuluka, nde goloboyi ndi madifenda amayenera kuuthamangira, pomwe mu Sixes umaperekedwa kwa timu imene sinaukhudze komaliza.

FUNSO: Malume, ndine mtsikana wa Fomu 3 ku Mchinji, kwa Kamwendo. Ndimasewera netibo ngati GD koma pano tayamba lacrosse. Kodi zomwe ndimadziwa ku netibo zingandithandize? Komanso refa amandiimbira wezulo pafupipafupi ndikathamangira kutsogolo kwa munthu amene akufuna kuponya, akuti ndalowa munjira ya mpira, pomwe ine ndimaona ngati ndiyo ntchito yanga.
Mtsikana wa kwa Kamwendo

YANKHO: Mwana wanga, iwe wayamba uli patsogolo kale kuposa anyamata awiri ali pamwambawa. GD wabwino amadziwa kumaka munthu amene alibe mpira, kuyenda timasitepe tachangu, kuona munthu ndi mpira nthawi imodzi, kuwerenga pasi nkuidumphira, ndipo amazichita popanda kugunda munthu. Taonera mmene Towera Vinkhumbo amasewerera kumbuyo kwa ma Queens, amanyamuka pasi isanachoke bwinobwino m'manja mwa woponya chifukwa waiona kale komwe ikupita. Zimenezo zitengere ku lacrosse zonse.

Zoti usinthe ndi ziwiri. Ku netibo munthu akagwira mpira amaima, ali ndi masekondi 3 okha, iwe nkuima mamita 0.9 kukweza mikono. Kuno akagwira mpira ndi pomwe akuyamba kuthamanga, nde chizolowezi choima mowongoka manja m'mwamba chikudyetsa njomba, tsika pansi uyende naye. Chachiwiri ndi chomwe akukuimbiracho, ndipo refa akulondola. Lacrosse ya atsikana, imene inayamba kuseweredwa mu 1890 pa sukulu ya St Leonards ku Scotland, ili ndi malamulo akeake, simuvala zipewa zolimba ngati anyamata nde malamulo ndi amene amakutetezani. Suloledwa kuima kapena kudumphira munjira ya pakati pa woponya ndi golo ngati sukumumaka pafupi, chifukwa mpira umenewo ukupeza kumaso. Njira yake ndi yoti ufike kwa iye chammbali mokhota, ndodo itsogole, thupi likhale kunja kwa njira ya mpira mpaka utamufika pafupi poti ndodo yako ingamukhudze, ukafika pamenepo nde ukumumaka, palibe faulo. Dera la kutsogolo kwa golo lija sungaimemonso masekondi opitirira 3 usakumaka munthu pafupi.

Kugunda thupi nkoletsedwa kwa inu. Kumenya ndodo ya mnzako kumaloledwa kwa okulirapo koma kakhale kakang'ono, kachangu, kopita pansi kutali ndi mutu wake, ndodo yako isayandikire nkhope yake. Ngati aphunzitsi sanakuphunzitseni bwino kamenyedweko kasiye kaye, ndodo yako izingotsatira ndodo yake komwe ikupita kuti asowe poponyera. Atsikana a ku Kenya osapitirira zaka 19 anakasewera mpikisano wa dziko lonse ku Peterborough, Canada mu 2019, timu yoyamba ya atsikana yochokera muno mu Africa, nde usaone ngati ndi zakutali kwambiri.

FUNSO: Malume, ine ndi mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Chinkhoma. Mwana wanga wachiwiri wabwera dzana mkono utatupa akuti anamenyedwa ndi ndodo kumasewero atsopanowa, akuti amasewera kumbuyo. Bambo ake akuti asiye, zomenyana ndi ndodo si masewero. Mwanayo akulira kuti sasiya. Kodi masewerowa ndi otani, ali ndi tsogolo, nanga ndi otetezeka?
Mayi wa ku Chinkhoma

YANKHO: Mayi, pepani ndi kuvulala kwa mwanayo, ndipo choyamba ngati kutupako sikukuphwa, kapena akulephera kupinda zala ndi kutembenuza mkono, pitani naye kuchipatala akamuone fupa, musadikire.

Bambo akunyumbawo nkhawa yawo ndi yomveka, munthu woonera patali amaona ngati ndewu. Koma ndi masewero akale kwambiri, anayambitsa ndi eni nthaka a ku North America azungu asanafikeko, ndipo mtundu wa Haudenosaunee mpaka lero uli ndi timu yakeyake imene inatenga malo achitatu pa mpikisano wa dziko lonse ku San Diego mu 2023, pambuyo pa United States ndi Canada. Malamulo olembedwa anakonza ndi dokotala wa mano wa ku Montreal, George Beers, mu 1867. Anaseweredwa pa Olympics mu 1904 ndi 1908, ndipo akubwereranso ku Los Angeles mu 2028 mumtundu wa anthu 6 uja. Uganda inali dziko loyamba la mu Africa kukasewera mpikisano wa dziko lonse wa amuna, ku Denver mu 2014. Sindikulonjezani kuti mwana wanu adzadya nazo, sukulu ikhale patsogolo, koma si zachibwana.

Pa chitetezo ndilankhula mosabisa chifukwa apa ndi pomwe ndimada nkhawa ndi ana athu. Ndodo zimafika kumasukulu koma zovala zodzitetezera sizifika zokwanira, ana nkumasewera malamulo a anthu ovala zonse iwo ali ndi malaya okha. Mpira wake ndi wa labala yolimba, wolemera magalamu pafupifupi 145, ndipo akuluakulu amauponya pa liwiro lopitirira makilomita 140 pa ola. Mnyamata wosewera malamulo olola kumenya ndodo ndi kugundana ayenera kukhala ndi helimeti yotchinga kumaso, magolovesi okhuthala, zotchinga mikono ndi mapewa, kapulasitiki koluma koteteza mano, ndi chotchinga kumaliseche. Goloboyi awonjezere chotchinga pakhosi ndi pachifuwa. Za pachifuwazi si zocheza, mpira wolimba ukamenya pamtima panthawi yolakwika mtima umatha kusokonezeka nkuima, sizichitika kawirikawiri koma zinachitikapo kwa achinyamata m'mayiko amene amasewera kwambiri. Nde mwana wanu poti amasewera kumbuyo mumuuze kuti asamadziponye kutsogolo kwa shoti kuti aitchinge ndi chifuwa ngati mmene amachitira kumpira wamiyendo, kutchinga shoti ndi ntchito ya goloboyi amene wavala zake.

Ngati zovalazo palibe, masewero angapitirire koma asinthe: mpira wa tenisi m'malo mwa wolimba uja, kumenya ndodo ayi, kugundana ayi, difenda azitchinga ndi mapazi ndi kudula mapasi basi. Mwana wophunzira choncho sataya kanthu, amadzakhala difenda wabwino kuposa amene anayamba ndi kumenya. Ndipo mwana akagundidwa kumutu nkumamva chizungulire, mutu kuwawa, nseru, kapena osakumbukira bwino zomwe zachitika, atuluke tsiku limenelo asabwererenso m'bwalo olo anene kuti ali bwino, akaonedwe kuchipatala.

Ndikanakonda mupite nonse awiri ndi bambo tsiku la pulakatisi, mukaonere, kenako mukhale pansi ndi aphunzitsiwo muwafunse kuti mahelimeti ndi magolovesi alipo angati, akugwiritsa ntchito mpira uti, ndipo mwana akamenya mnzake mosasamala amamutulutsa kapena ayi. Akakuyankhani zomveka, kapena akavomera kusintha kuti ana azisewera osamenya mpaka zovala zitapezeka, muloleni mwanayo abwerere mkono ukapola.